Tsabola Wakale Sawawa, Koma Amadula

Mwambi wakuti tsabola wakale sawawa umanenedwa ponyoza chinthu chimene nthawi yake inapita. Koma kumwera kwa dziko la America, m'chigawo cha Louisiana, kuli malo kumene tsabola saloledwa kupita pamsika asanagone mumgolo kwa zaka zofika 3. Malowo ndi Avery Island, kwawo kwa Tabasco, kabotolo ka tsabola wamadzi kokhala ndi chivindikiro chofiira kamene kamapezeka pamatebulo a m'mahotela ku Lusaka, ku Harare, ku Maputo ndi ku Lilongwe. Chaka ndi chaka anthu miyandamiyanda amapita kumeneko kukaona fakitale yake pamodzi ndi munda waukulu wa maluwa ndi mbalame umene uli pafupi nayo. Ambiri amabwerako ndi zithunzi za ng'ona ndi lilime lothethetsa. Mlendo woyenda maso ali tcheru amabwerako ndi funso: pa ntchito yonse yosandutsa tsabola kukhala ndalama, ndi gawo liti limene eni ake analipereka kwa ena, nanga ndi liti limene anakana kulitaya?

Phiri la mchere pakati pa madambo

Wochokera ku New Orleans amayenda makilomita pafupifupi 225 kulowera kumadzulo, n'kupatukira m'tauni ya New Iberia. Kuchokera pamenepo msewu umadutsa m'minda ya nzimbe, m'dziko lathyathyathya, mpaka kukafika pa kamlatho kolowera pachilumbacho. Dzina lakuti chilumba lingasokeretse munthu, pakuti Avery Island siili pakati pa nyanja. Ndi chitunda cha maekala pafupifupi 2,200 chozunguliridwa ndi madambo, zithaphwi ndi timitsinje toyenda mwaulesi. Nsonga yake ndi yokwera mamita pafupifupi 50 kuchokera pamene pamalekezera madzi a m'nyanja. Kwa munthu wa ku Mulanje chimenecho n'chulu chabe, koma m'mphepete mwa Gulf of Mexico, kumene midzi yambiri ili pafupifupi pamzere umodzi ndi madzi, chulu chotero ndi phiri.

Chimene chinatukula nthaka imeneyi ndi mchere. Pansi pa chilumbachi pali chimwala cha mchere cholowa pansi makilomita angapo, chotsalira cha nyanja imene inaphwa kalekale. Anthu oyamba kukhala m'derali ankawiritsa madzi a m'akasupe ake kuti apeze mchere zaka mazanamazana Azungu asanafike. Mu 1818 John Craig Marsh wa ku New Jersey anagula gawo la malowa n'kutsegula munda wa nzimbe umene unkalimidwa ndi akapolo akuda. Mwana wake wamkazi anakwatiwa ndi Daniel Avery, amene dzina lake linatsalira pachilumbacho. Mu 1862, nkhondo yapachiweniweni ya ku America ili m'kati, anthu amene ankakuza chitsime anagunda mwala wa mchere pakuya kwa mamita pafupifupi 5. Mcherewo unathandiza asilikali a zigawo za kumwera, zimene zinkamenyera kuti ukapolo upitirire, mpaka pamene asilikali a kumpoto anafika mu 1863 n'kuphwasula zonse.

Banja la Avery linathawira ku Texas. Pakati pawo panali mkamwini, Edmund McIlhenny, amene nkhondo isanayambe ankagwira ntchito za banki. Nkhondo itatha anabwerera ali chimanjamanja, n'kukhala pachikamwini akusamala dimba la apongozi ake. M'dimba limenelo ndi mmene munachokera tsabola amene anamuika m'mabotolo mu 1868. Chaka chotsatira anatumiza mabotolo 658 kwa eni masitolo pa mtengo wa dola imodzi botolo lililonse, ndipo mu 1870 analandira chiphaso cha boma choteteza kapangidwe kake. Sanali woyamba kulima tsabola wa mtunduwu ku Louisiana. Cha m'ma 1850 mlimi wina wolemera, Maunsel White, ankamulima kale kufupi ndi New Orleans n'kumapangira alendo ake tsabola wamadzi. Chimene McIlhenny anawonjezera ndi botolo, dzina, ndi lamulo loliteteza. Kampaniyo idakali m'manja mwa mbumba yake kufikira lero.

Zaka 3 mumgolo

Pafakitale mlendo amadziyendera yekha motsatira zikwangwani. Amayambira m'nyumba yosungira mbiri, imene inatsegulidwa mu 2016, mmene muli mabotolo akale, zolengeza malonda za m'nyuzipepala, ndi timabotolo ting'onoting'ono timene tinkaikidwa m'kamba wa asilikali a ku America. Kenako amalowa m'nyumba yagalasi yoleramo mbewu. Chomera chake n'chachifupi, cha nthambi zambiri, ndipo zipatso zake zimaloza kumwamba. Zimayamba zobiriwira, n'kusanduka zachikasu, kenako zofiirira, n'kumalizira zofiira kuti psu. Akatswiri amachitcha Capsicum frutescens, mtundu umodzi ndi piripiri wa ku Mozambique, ndipo dzina lakuti Tabasco ndi la chigawo china cha ku Mexico.

Popeza zipatsozo sizipsa nthawi imodzi, tsabolayu amathyoledwa ndi manja. Wothyola aliyense amapatsidwa kamtengo kopakidwa utoto wofiira, kamene m'Chifalansa amakatcha le petit bâton rouge. Tsabola amene kufiira kwake sikunafanane ndi kwa kamtengoko amasiyidwa kuti adikire tsiku lina. Wothyoledwayo amagayidwa tsiku lomwelo n'kusakanizidwa ndi mchere pang'ono, ndipo phala lakelo ndi limene limathiridwa m'migolo.

Nyumba yosungira migolo ndiyo mtima wa ulendo wonse. Fungo limamulonjera mlendo asanafike pakhomo, ndipo ambiri amayamba kutsokomola ndi kulengeza misozi. M'katimo migolo yosanjikizana yandandalika mizeremizere mpaka kumene maso alekezera. Ndi yamatabwa a mtengo wa oak, ndipo yambiri inayamba yasungirapo mowa wa whiskey. Amisiri amaipala m'kati ndi kuimanga ndi zitsulo zosachita dzimbiri. Pamwamba pa chivindikiro chilichonse amathirapo mchere wambiri. Phala likayamba kusasa, mpweya ndi timadzi zimatulukira pa tizibowo ta pachivindikiro, mchere uja n'kunyowa ndi kuuma gwa ngati simenti, motero zonyansa za kunja sizilowa. Phalalo limagona mmenemo mpaka zaka 3. Malinga ndi mwambo wa kampaniyi, mmodzi wa a m'banja la McIlhenny amayamba waliona, kulinunkhiza ndi kulilawa lisanaloledwe kupita patsogolo.

Likavomerezedwa limathiridwa m'zimphika zikuluzikulu pamodzi ndi viniga, n'kumatakasidwa kwa masiku ofika 28. Kenako amasefa kuti makungu ndi njere zitsale. Mlendo amaonera pagalasi pamene makina akudzaza, kutseka ndi kumata zikalata pa mabotolo pafupifupi 700,000 patsiku, opita kumayiko oposa 190. Zonse zimene zili m'botolomo ndi zinthu 3 zokha: tsabola, mchere ndi viniga.

Apa mwambi uja ulondola pang'ono. Pa muyeso wa ukali wa tsabola umene Wilbur Scoville anayambitsa mu 1912, chipatso chachiwisi cha mtunduwu chimafika pakati pa 30,000 ndi 50,000, pamene tsabola wa m'botolo, atasungunulidwa ndi viniga, amangofika pakati pa 2,500 ndi 5,000. Wozolowera piripiri angamunyoze kuti ndi madzi. Komatu ogula salipira ukali. Amalipira kukoma kumene kumadza ndi kusasa kwa nthawi yaitali, ndiponso chitsimikizo chakuti botolo logulidwa ku Tokyo likoma chimodzimodzi ndi logulidwa ku Johannesburg.

Woona migoloyo ndi maso a zamalonda amazindikira kuti akuona ndalama zogona. Tsabola amene ali mmenemo analipiridwa kale, ngakhale kuti phindu lake lidzabwera patapita zaka. Wabizinesi wamng'ono amene wakongola mpamba kubanki pa chiwongoladzanja chokwera, kapena mlimi amene akufuna fizi ya mwana mwezi womwe wakolola, sangakwanitse kudikira chotero. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa mtundu uwu kumafuna thumba lakuya.

Ulendo wa m'fakitale umathera m'sitolo, mmene mlendo amalawa mitundu yonse ya tsabola wa kampaniyi, ngakhalenso ayisikilimu ndi chakumwa chozizira zothira tsabola. Pambali pake pali lesitilanti yotchedwa 1868, yophika zakudya za ku Louisiana monga mpunga wa nyemba zofiira ndi msuzi wotchedwa gumbo. Akatswiri ambiri a zinenero amati dzina la msuzi umenewu linachokera ku mawu a ku Angola otanthauza therere, amene anawoloka nyanja pamodzi ndi akapolo.

Nanga minda ili kuti?

Chimene mlendo sachiona, ngakhale atazungulira chilumba chonse, ndi minda yokwana kudyetsa makina odzaza mabotolo 700,000 patsiku. Mpaka m'zaka za m'ma 1960 tsabola yense ankalimidwa pomwepo. Malonda atakula, anthu othyola atayamba kusowa ndi kudula, kampaniyi inayamba kutumiza ulimiwo kumayiko ena. Lero pafupifupi tsabola yense amalimidwa ku Central America, ku South America ndi m'mayiko ena a mu Africa, ndipo amafika ku Louisiana ali phala lothira kale mchere.

Munda umene unatsala pachilumbachi ntchito yake yaikulu ndi yobala mbewu. Chaka chilichonse zomera zamphamvu ndi zobereka bwino koposa zimasankhidwa, njere zake n'kuumitsidwa. Zina zimatumizidwa kwa alimi akunja, zina zimasungidwa pachilumba pompo, ndipo zina zimakatsekeredwa kubanki ngati golide, kuopa kuti moto, matenda kapena namondwe angathe mtundu wonse tsiku limodzi.

Chigawo chino cha Africa chili m'gulu la olima. M'zaka za m'ma 2010 alimi a pa sikimu ya ulimi wothirira ya Nyakomba, m'boma la Nyanga kum'mawa kwa Zimbabwe, ankalima tsabola wa mtunduwu pa mgwirizano ndi kampani imene inkawagula, n'kumugaya ndi kumutumiza ku America. Mgwirizano wotero si wonyozeka. Mlimi amadzala akudziwa kale womugula, amalandira mbewu yabwino ndi ulangizi, ndipo popeza tsabola amathyoledwa kwa miyezi ingapo, ndalama zimalowa m'nyumba kangapo osati kamodzi pachaka monga mmene zimakhalira ndi fodya kapena thonje.

Komabe m'pofunika kuona bwino mmene ntchitoyi inagawidwira. Kulima, kupalira, kuwerama tsiku lonse padzuwa zala zikuyabwa, ndi chiopsezo cha chilala kapena tizilombo, zonsezo zinapita kunja. Kulima m'mayiko ambiri kumateteza kampaniyi, chifukwa mbewu ikakanika ku Honduras ikhoza kuchita bwino ku Colombia kapena ku Zimbabwe; koma mlimi amene munda wake wapserera alibe dziko lina lothawirako. Chimene chinatsala pachilumbachi ndi mbewu, migolo, kusakaniza ndi dzina. Mlimi amalipidwa pa kilogalamu, pamene mwini dzina amagulitsa madontho a m'kabotolo ka mamililita 60.

Mzinda wa mbalame

Kuchoka pafakitale, msewu waufupi umamufikitsa mlendo pachipata cha Jungle Gardens, munda wa maekala 170. Angathe kuuzungulira pagalimoto, panjinga kapena wapansi. Mitengo ikuluikulu ya oak yatambasula nthambi zake mpaka kukhudza pansi, ndipo panthambizo palendewera ndere zotuwa zonga ndevu za nkhalamba. Muli mitundu mazanamazana ya maluwa a camellia, amene amachanua m'miyezi yozizira ya kumeneko kuyambira Disembala, ndi a azalea amene amatsatira cha mu Malichi. Muli nkhalango ya nsungwi zonenepa ngati ntchafu ya munthu. M'mbali mwa mayiwe ng'ona za ku America zimawothera dzuwa, ndipo zikwangwani zimachenjeza alendo kuti asaziyandikire kapena kuzipatsa chakudya. Pa kachitunda kena, m'kanyumba kagalasi, muli chifanizo chakale cha Buddha chimene mwini munda anapatsidwa ndi anzake a ku New York mu 1936.

Mwini mundayo anali Edward Avery McIlhenny, mwana wa Edmund, amene anabadwa mu 1872 n'kumwalira mu 1949. Anayendetsa kampani ya tsabola kuyambira mu 1898, koma mtima wake unali pa zomera ndi nyama. Ali mnyamata anaona akakowa oyera a m'madambo a ku Louisiana akutha. Masiku amenewo akazi olemera a ku New York, ku London ndi ku Paris ankavala zipewa zokongoletsedwa ndi nthenga, ndipo nthenga zofunika koposa zinali zimene kakowa amamera pa nyengo yoswana yokha. Alenje ankawombera mbalamezo zili pazisa, anapiye n'kufa ndi njala.

Cha mu 1895 McIlhenny anafunafuna m'madambo n'kupeza ana a kakowa 8. Anawalera m'khola lalikulu limene anamanga pamwamba pa dziwe, ndipo nyengo yozizira itayandikira anatsegula khomo kuti aulukire kumayiko otentha monga mwa chibadwa chawo. Chaka chotsatira 6 anabwerera n'kumanga zisa pomwepo. Pofika mu 1911 iye ankawerengera kuti mbalame za pamalopo zinali pafupifupi 100,000. Malowo anawatcha Bird City, kutanthauza mzinda wa mbalame. Lamulo la boma loteteza mbalame zosamukasamuka linadza mu 1918, patapita zaka zoposa 20 chiyambire ntchito yake.

Mlendo wofika pakati pa Malichi ndi Julaye amakwera pansanja n'kuona mbalame zikwizikwi zili mbuu pa timathandala tomangidwa pamwamba pa madzi. Ogwira ntchito amayalapo nsungwi za m'munda momwemo kuti mbalame zipeze pomanga. Pansi pake ng'ona zimayendayenda. Zimadya mwanapiye wogwa, koma zimaopsezanso tinyama takuba mazira, motero mbalame zimapindula ndi mlonda woopsayo.

McIlhenny anakopanso anthu achuma, kuphatikizapo Margaret Sage ndi bungwe la Rockefeller, kuti agule madambo a maekala pafupifupi 175,000 m'mphepete mwa nyanja n'kuwapereka kuboma akhale malo otetezera mbalame. Mafuta atapezeka pachilumbachi mu 1942, iye analola kuti akumbidwe, koma anaumirira kuti mapaipi akwiriridwe pansi kapena apakidwe utoto wobiriwira, ndi kuti azilambalala mitengo ikuluikulu. Munda wake anautsegulira anthu onse mu 1935, kutatsala zaka zambiri kuti mawu akuti ntchito zokopa alendo atchuke. Kuyambira pamenepo fakitale ndi munda zakhala zikudyetsana. Wodzaona mbalame amagula tsabola, wodzagula tsabola amalipira kuti aone mbalame, ndipo onse amapita kwawo akukhulupirira kuti botolo lija linachokera kumalo osamalidwa bwino. Chikhulupiriro chimenecho ndi mbali ya mtengo wa botolo.

Nyerere za mumkuyu

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu yemweyo amene anapulumutsa akakowa anathandizanso kufalitsa chilombo chimene chikudya madambo a Louisiana mpaka lero. Mu 1938 anagula tinyama totchedwa nutria, tochokera ku South America, tooneka ngati ntchenzi zikuluzikulu za mano ofiirira, ndi cholinga choti anthu a m'derali azipeza ndalama pogulitsa zikopa zake. Kwa nthawi yaitali anthu ankasimba kuti tinyamato tinathawa m'khola namondwe atawomba. Koma Shane Bernard, katswiri wa mbiri wolembedwa ntchito ndi kampaniyi, atafufuza m'makalata akale anapeza kuti McIlhenny anatitulutsa dala, ngakhale kuti sanali woyamba kuweta nutria m'chigawocho.

Pa nthawiyo nutria zinkatamandidwanso kuti zithetsa namasupuni, udzu wa m'madzi womwewo umene umavutitsa mtsinje wa Shire, wa Kafue ndi nyanja ya Chivero. Namasupuni sanathe. M'malo mwake nutria zinakonda mizu ya udzu wa m'madambo, imene imagwira matope kuti asakokoloke. Pamene zikopa zinali pamsika alenje ankazichepetsa, koma mitengo itagwa m'zaka za m'ma 1980 zinaswana mopanda woziletsa. Mu 2002 boma la Louisiana linayamba kulipira madola 4 pa mchira uliwonse wa nutria, ndipo mu 2019 malipirowo anafika pa madola 6. Aliyense amene amaitanitsa nsomba, mtengo kapena nyama yachilendo m'dzina la chitukuko ayenera kuidziwa nkhani imeneyi: cholinga chinali chabwino, munthuyo ankadziwa zachilengedwe kuposa anzake ambiri, koma ngongole yake ikulipidwabe ndi zidzukulu.

Nyerere ina ndi ya mbiri. Maluwa ndi mitengo yokongolayo zili pa nthaka imene chuma chake choyamba chinachokera ku thukuta la akapolo a m'minda ya nzimbe. Mlendo wochokera ku Africa, amene makolo a anthu a mtundu wake anadutsa ku Nkhotakota, ku Quelimane kapena ku Luanda ali m'magoli, ali ndi chifukwa choimira kaye pansi pa mitengoyo n'kukumbukira amene analambula malowo, ngakhale kuti mayina awo sali pa botolo.

Madzi akubwera

Pafupi ndi fakitale pali chimpanda cha dothi chimene alendo ambiri amachidutsa osachifunsa. Mu Seputembala 2005 namondwe wotchedwa Rita anakankha madzi a m'nyanja kudutsa madambo onse, ndipo anangotsala pang'onong'ono kulowa m'fakitale, imene ili chakumunsi kwa chitunda. Kampaniyi inawononga madola pafupifupi 5 miliyoni kumanga chimpandacho, chotalika mamita 5, ndi kuika makina opopa madzi.

Chimpanda chokha sichingathetse vutoli. Kuyambira mu 1932 mpaka mu 2016 Louisiana inataya malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 5,000 amene anasanduka nyanja. Zifukwa zake n'zodziwika. Makoma otchinga mtsinje wa Mississippi kuti usasefukire analetsanso matope amene ankamanga nthaka yatsopano chaka ndi chaka. Ngalande zokumbidwa ndi makampani a mafuta zinalowetsa madzi amchere amene anapha udzu. Nthaka ikutitimira, nyanja ikukwera, ndipo nutria zikudya chotsala. Madambo ndiwo amaswa mphamvu ya mafunde asanafike kumtunda, choncho ekala iliyonse yotayika imasendeza nyanja kufupi ndi migolo ija. N'chifukwa chake eni chilumbachi akhala akudzala udzu wa m'madambo, kutseka ngalande zakale ndi kumanga timadamu tochepetsa madzi amchere. Ntchito imene kwa Edward McIlhenny inali yokonda mbalame, kwa zidzukulu zake yasanduka yoteteza fakitale.

Ngakhale mchere umene unayambitsa zonse suli monga kale. Mu Disembala 2020 denga la mgodi wa pansi pa chilumbachi linagumuka n'kupha anthu 2 ogwira ntchito, ndipo kumayambiriro kwa 2021 kampani ya Cargill, imene inkayendetsa mgodiwo, inalengeza kuti yautseka. Chimene mlendo amaona lero ndi chifaniziro cha mgodi chomangidwa kuti chimuonetse mmene pansipo panalili.

Chotenga pobwerera

Kumwera kwa Africa sikusowa tsabola, ndipo sikusowa omuika m'botolo. Tsabola anafika kuno ndi Apwitikizi kuchokera ku America pambuyo pa chaka cha 1500, n'kukhazikika mpaka kuoneka ngati mbadwa. Ku Malawi, tsabola wa Nali wakhala akupangidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo anthu okhala ku Johannesburg kapena ku London amamuitanitsa kwa abale obwera kuchokera kumudzi. Nzeru yophatikiza fakitale ndi malo okongola nayonso si yachilendo: minda ina ya tiyi ku Thyolo, monga Satemwa, imalandira alendo odzalawa tiyi ndi kuyenda m'nkhalango zake.

Chimene Avery Island imaonetsa poyera ndi pamene pamagona phindu. Kapangidwe ka tsabola wake si kachinsinsi. Kalembedwa pazikwangwani kuti mlendo aliyense awerenge, ndipo mayi aliyense wodziwa kufulula mowa angakamvetse. Chovuta kutengera ndi mbewu yosankhidwa mosadumphitsa kwa mibadwo ingapo, mpamba wotha kugona zaka 3, muyeso umodzi wosasinthasintha kuyambira pa kamtengo kofiira kufikira pa botolo, ndi malo osungidwa bwino kotero kuti anthu amalipira kuti angowaona. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene mlimi mmodzi angachikwanitse payekha. Zimafuna magulu a alimi okhala ndi makina awoawo ogayira ndi mosungira, ngongole zobweza patapita zaka osati miyezi, malo ofufuzira zaulimi osamala mbewu za m'dziko momwemo monga kambuzi ndi piripiri, ndi mabungwe oona za miyezo amene chidindo chawo chimakhulupirika kunja kwa malire.

Mapulojekiti ambiri a chitukuko amayesa kupambana kwawo powerenga matani a zokolola zotumizidwa kunja ndi chiwerengero cha alimi amene apeza wogula. Zimenezo n'zofunika, pakuti banja limene lagula malata ndi ndalama za tsabola lapitadi patsogolo. Koma mgwirizano uliwonse wotero usanasainidwe, oimira alimi ayenera kufunsa mafunso amene nyumba ya migolo ija imaphunzitsa: mbewu ndi ya yani, tsabolayo akagona kuti, ndipo pa botolo padzalembedwa dzina la yani. Banja la McIlhenny linadzifunsa mafunso amenewa m'zaka za m'ma 1960, ndipo pa onse linayankha kuti zikhale pachilumba.